Kanyumba ka mphaka kamene ndinakhomesa kwa kalipentala ku Kapata

Chitumbuwa ndi mphaka wathu wamkazi, wofiirira ngati chitumbuwa chimene chakhalitsa m'mafuta, ndipo dzinalo anamupatsa ndi mdzukulu wanga. M'nyumba sagona. Abambo a kwathu ali ndi chifuwa cha mphumu, ubweya wa mphaka ukangowafika m'mphuno ndiye kuti usiku umenewo tonse tichezera. Choncho kuyambira ali kamwana malo ake ndi pakhonde la kuseli, pafupi ndi kachipinda kamene timasungamo matumba a chimanga ndi nsawa. Ntchito yake ndi makoswe, ndipo amaidziwa. Chibwerere iye sindinasokenso thumba lobooledwa.

Miyezi yotentha palibe vuto, amagona paliponse pamene wafuna. Nkhani imavuta mu Juni ndi Julayi. Amene sanakhalepo ku Chipata amangomva za kutentha kwa ku Mfuwe n'kumaganiza kuti chigawo chonse cha Eastern ndi ng'anjo, osadziwa kuti ife tili pamtunda, mamita opitirira 1,000, pakati pa mapiri. Mbandakucha wa mu Julayi mphepo ikamatsika ku phiri la Kanjala, ngakhale anyamata onyamula anthu panjinga amavala zipewa zaubweya ndi majekete awiriawiri. Ifenso timafunda mabulangete awiri. Nanga kanyama kogona pasimenti?

Chimene chinandidzidzimutsa chinachitika chaka chatha. Mnansi wathu ali ndi galimoto imene amaimika pafupi ndi mpanda, ndipo tsiku lina m'mawa, asanalize injini, anamva kulira pansi pa boneti. Atatsegula anapeza Chitumbuwa atadzipinda pafupi ndi batire, maso ali tong'o. Analowera pansi usiku kutsata kufunda kwa injini. Akanangopotokola kiyi osamva kulirako, lero bwenzi ndikusimba zina. Kuyambira tsiku limenelo mnansiyo amayamba wamenya boneti ndi chikhatho asanalize galimoto, ndipo ine ndinayamba kufunafuna pogona pa mphaka wanga.

Poyamba ndinataya ndalama. M'sitolo ina m'tauni ndinapeza kabedi ka ziweto kozungulira, kofewa, kaubweya ngati chidole, kokongola ndithu. Ndinakagula. Masiku awiri oyamba anakagonamo, tsiku lachitatu ndinakapeza kali nyowe ndi mame, kozizira ngati kaviikidwa m'ndowa, mwini wake atathawira pamwamba pa matumba a makala. Kabediko sikoipa, koma ndi ka mphaka wa pabalaza, wa m'nyumba ya matailosi. Panja kalibe denga, kalibe khoma, mphepo imangodutsa pamwamba. Ndinayesanso katoni ndi juzi yakale ya pa salaula. Katoni inafewa, juzi inayamba kununkha chinyezi.

Ndiye chaka chino, kumayambiriro kwa Meyi, ndinapita kwa akalipentala amene amakhoma mipando ndi mabedi chakufupi ndi msika wa Kapata. Woyamba ndinamufotokozera anaseka mpaka kuitana anzake. "Amayi, nyumba ya pusi? Mumulipiritsa lendi?" Ndinangomusiya. Wachiwiri, bambo wachikulire wokhala ndi pensulo kukhutu, sanaseke. Anafunsa ngati ndi pusi mmodzi kapena alipo angapo, ngati kakakhale pamtetete kapena pakhonde, kenaka anajambula pa kachidutswa ka pulanga. Ananena kuti makola a nkhunda ndi a akalulu wakhoma ambiri, koma ka mphaka aka kanali koyamba. Tinagwirizana K380, matabwa ake, malata ake. Ndinapereka theka, tinapangana Lachisanu.

Lachisanu kanali kasanathe. Lolemba lotsatira anati matabwa anali aawisi, akudikira aume. Ndinakatenga patapita masiku 11. Pa kuchedwa kumeneku sindinakondwe, chifukwa ulendo uliwonse ndinkalipira njinga kupita ndi kubwera, ndipo foni yawo nthawi zambiri inali yozima. Koma za matabwa aawisi ankanena zoona. Thabwa la paini lokhomedwa lisanaume limapindika n'kusiya mipata, ndipo m'mipata imeneyo ndi mmene mumalowera mphepo.

Nditakaona ndinachita kusowa chonena. Kanali kokongola, inde, koma kakakulu ngati khola la agalu awiri, khomo lake loti mwana wokwawa akhoza kulowa, kunja ndi mkati monse atapaka vanishi wonyezimira. Bambowo anali atanyadira kwambiri. "Amayi, ndamuonjezera malo kuti azitambasuka." Ndinalephera kuwakhumudwitsa pamaso pa anyamata awo, ndinangokweza panjinga n'kubwera nako.

Chitumbuwa anakanunkhiza kamodzi, n'kuyetsemula, n'kuchoka. Sabata yathunthu sanalowemo. Fungo la vanishi kwa ife ndi fungo la chinthu chatsopano, koma mphuno ya mphaka imamva kuposa yathu kutalitali. Ndipo fungo litachepa, atayamba kulowamo, m'mawa ndikapisa dzanja mkatimo munali zii, chimodzimodzi ndi panja.

Apa ndi pamene ndinakumbukira zimene ndinkaphunzitsa ana a Giredi 7 zaka zonse zija ndisanapume ntchito. Kanyumba sikapanga kutentha. Mbaula yake ndi mphaka mwiniwakeyo, amene thupi lake limatentha madigiri 38 mpaka 39, kuposa lathu pang'ono. Ntchito ya kanyumba ndi kusunga kutentha kumeneko kuti kusathawe. Chipinda chikakula, kathupi kamodzi sikangachifunditse, ndipo khomo likakula, mpweya wofunda umatuluka wozizira n'kulowa. N'chifukwa chake mphaka amakonda kudzipanikiza m'kabokosi koti iwe ukamaona umati sakwanamo.

Ndinabwerera ku Kapata ndi kanyumbako, ndipo apa ndiye pamene ndikuwayamikira bambo aja. Sanakwiye, sanandiuze kuti munavomera nokha. Anamvetsera, anakanda m'mutu ndi pensulo ija, kenaka anati, "Ndiye kuti mufuna chisa, osati nyumba." Ndinati eya, chisa. Anaika thabwa logawa pakati, chipinda chogona n'kutsala masentimita 50 m'litali ndi 40 m'lifupi, mbali inayo n'kukhala ngati kakhonde kolowera. Khomo lalikulu lija analitseka, n'kuboola kabowo kozungulira ka masentimita 15 chakumbali, kokwera pang'ono kuchokera pansi. Pa thabwa logawalo anaboolanso kena, koma osati moyang'anizana ndi koyambako, kuti mphepo ikalowa izigunda khoma. Nzeru imeneyi inali yawo, ine sindinaiganize. Vanishi wa mkati anamupala yense ndi sandipepa. Pansi pa lata anakhomapo silingibodi, chifukwa lata lokha usiku limazizira ndipo limadontha thukuta. Denga analiikira mahinjesi kuti ndizitsegula ngati sutikesi poyeretsa. Zonsezi anandilipiritsa K70 yokha, ya mahinjesi ndi silingibodi, ndipo ulendo uno anamaliza tsiku lomwelo ine nditakhala pa benchi ndikudya chinangwa chootcha.

Pa zoyala mkati tinatsutsana. Iwo ankati nditenge utuchi, aulere, thumba lonse. Ndinakana. Utuchi ndi fumbi, umalowa m'maso ndi m'mphuno, ndipo ukanyowa umagwirana ngati phala. Bulangete nalonso ndinali nditaliona kale ntchito yake: limamwa chinyezi n'kuchisunga, ndiye mphaka amagona pa chinthu chonyowa chimene chikumulanda kutentha. Chimene chagwira ntchito ndi udzu wouma, womwewu wofolerera nyumba, umene nyengo ino amayi amagulitsa mitolo m'mbali mwa msewu wopita ku Mwami. Ndinagula mtolo umodzi, ndinaudula tizidutswa totalika ngati dzanja, ndinauyanika padzuwa masiku awiri, n'kudzaza chipinda chogonacho mpaka theka. Udzu sugwira madzi msanga, pakati pake pamakhala mpweya, ndipo mphaka amafukula n'kudzipangira dzenje lomukwana. Tsopano mukatsegula denga mumaona kachisa kozungulira bwinobwino ngati ka nkhuku yofungatira mazira.

Kanyumbako ndinakakhazika pa njerwa zinayi kuti kasakhudze simenti, nsana wake utatsamira khoma la khitchini limene limafunda ndi moto wa madzulo, kabowo katayang'ana kumadzulo. Mphepo ya nyengo ino imachokera chakum'mawa cha kumwera, choncho siipeza polowera. Miyendo bambo aja sanaike, ndipo ndikanakonda akanaika, chifukwa njerwa zimagwedera mphaka akadumphira padenga.

Kuti alowemo sindinamukakamize. Mdzukulu wanga ankafuna kumunyamula n'kumukankhiramo, ndinamuletsa, chifukwa mphaka ukamukankhira malo amawatenga ngati msampha. Tinangoika tikapenta titatu pakhomo, tina tiwiri mkati, ndi kansalu kakang'ono kamene ankakonda kugonapo masana kuti amve fungo lake lomwe. Usiku wachiwiri mwanayo anabwera akuthamanga, akunong'ona ngati waona njoka. "Ambuya, walowa! Mchira wokha ndiwo uli panja!" Kansalu kaja ndinakachotsa patapita masiku atatu.

Papita miyezi iwiri tsopano, ndipo Juni yense wadutsa. M'mawa uliwonse cha m'ma 5 koloko, ndikamakoleza mbaula ya madzi osamba, ndimapisa dzanja pa kabowo kaja. Mumakhala mofunda ngati m'khwapa. Chitumbuwa amatuluka mochedwa, akudziwongola, tiudzu tili kumutu. Ku galimoto ya mnansi sanabwererenso. Usiku umene kwazizira mopitirira, ndimathira madzi ofunda, osati owira, m'botolo la pulasitiki, ndimalilowetsa m'sokosi yakale ya abambo n'kuliika pakona. Pofika pakati pa usiku limakhala litazizira, komabe limathandiza poyambira. Mlamu wanga anandiuza za kamphasa kotenthetsa ka magetsi, koma magetsi ake ati, oti amapita nthawi imene afuna? Komanso chingwe cha magetsi panja, pa mame, pafupi ndi udzu wouma, ine ayi.

Ena anandiuza kuti ndizingomutsekera m'kachipinda ka chimanga ndi mbaula ya makala otsala. Chonde musayese. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha, ndipo chaka chilichonse nyengo ngati ino timamva za anthu amene anagona ndi mbaula osadzukanso. Chimene chingaphe munthu wamkulu, mphaka angachipirire? Chimodzimodzinso akayamba kuyetsemula, musamupatse Panadol poganiza kuti ndi chimfine. Mankhwala amenewo kwa mphaka ndi poizoni, ngakhale kachidutswa. Pitani naye kwa a vetenale, komweko mukamubayitsenso katemera wa chiwewe.

Chakudya ndamuonjezera pang'ono, chifukwa thupi lolimbana ndi kuzizira limadya zambiri. Madzulo amalandira kansima kosakaniza ndi kapenta wosathira mchere, nthawi zina mitu ya nsomba yophika, ndipo ndimamupatsa dzuwa likamalowa kuti akagone m'mimba muli kanthu. Mkaka ndinasiya kalekale, umamutsegula m'mimba. Anthu amati mphaka wokhuta sagwira makoswe. Wangayu dzana anandisiyira mutu wa khoswe pa chopondera cha pakhomo, wakhuta kale.

Zovuta zilipo. Udzu umasunga utitiri, ndiye pakatha masabata awiri alionse ndimautaya n'kuutentha, kanyumbako ndimakasiya chotsegula padzuwa tsiku lonse ndisanaikemo wina. Mahinjesi ayamba kale dzimbiri, anali otchipa. Thabwa limodzi la kumbuyo lang'ambika pang'ono pa msomali, ndinamata ndi phula la kandulo. Kanyumbako n'kolemeranso, munthu mmodzi sunganyamule bwino, ndipo theka la kulemerako ndi la kukula kosafunika kuja. Mvula ikadzayamba mu Novembala ndidzaona ngati denga silidontha, chifukwa lata analidula lokwana ndendende, losatulukira m'mbali. Ndikanakhala ndikulemba malikisi ngati kale, akalipentala aja ndikanawapatsa 7 pa 10: ziwiri ndachotsa chifukwa cha masiku 11 aja ndi foni yozima, imodzi chifukwa cha vanishi.

Kwa amene mukufuna kukhometsa kotere, kalipentala aliyense wodziwa kukhoma khola la nkhunda akhoza, bola mupite ndi miyeso yolemba papepala ndipo muumirire. Mukangoti "nyumba ya mphaka" adzakupangirani nyumba yoti isangalatse maso anu. Nenani kuti kakhale kakang'ono, kabowo ka masentimita 15, mkati musapakidwe kalikonse, denga lotsegula, ndi miyendo. Amene K450 yakuchulukirani, bokosi loyera lija losungiramo nsomba ndi ayezi limagwiranso ntchito mukaboola kabowo n'kuikamo udzu, kungoti nkhuku zimalijompha mpaka kulimaliza, ndipo kwathu nkhuku zilipo zisanu ndi imodzi.

Anansi ena amandiyang'ana mwachilendo. Mayi wina wa kutchalitchi anaima pa mpanda n'kufunsa, moseka koma osaseka kwenikweni, kuti mphaka womangiridwa nyumba ameneyu ndi mphaka chabe kodi. Mukudziwa mmene anthu amaganizira za amphaka kuno. Ndinamutengera m'kachipinda n'kumuonetsa matumba 14 a chimanga opanda bowo ngakhale limodzi. Sabata yathayi anatumiza mwana wake kudzajambula kanyumbako pafoni, ati amuna awo akufuna aone mmene anakhomera thabwa la pakati lija.

Vuto latsopano ndi lakuti kwabwera mlendo. Kamphaka kakuda koonda, kosadziwika kwawo, kayamba kugona m'kakhonde kolowera kaja, ndipo Chitumbuwa, amene amathamangitsa ngakhale agalu, akukalekerera. Abambo a kwathu anati ndisayerekeze kukapatsa dzina. Mdzukulu wanga wakapatsa kale, akuti ndi Makala, ndipo Loweruka ndikupitanso ku Kapata kukafunsa ngati khonde lija lingatsekedwe n'kukhala chipinda chachiwiri.