London kupita ku Paris: ndayesa ndege ndi Eurostar, ine ndili ku sitima

Abale anga amene muli kuno ku UK ndipo mukufuna kukaona Paris, ndikuuzeni zomwe ndaona nditayenda njira zonse ziwiri. London ndi Paris ndi pafupi, makilomita pafupifupi 340 basi, ndipo ndege imauluka ola limodzi ndi mphindi 15 kapena 20. Ukaona zimenezo umati aaa ndege ndiye yachangu. Komatu nthawi ya m'mwamba ija si ulendo wonse ayi.

Ulendo woyamba ndinakwera ndege. Kuchoka pakati pa tauni kukafika ku bwalo la ndege la Heathrow pa sitima ya pansi ya Piccadilly line ndi pafupifupi ola, ndiye umayenera kufikako kudakali maola awiri, kupereka chikwama, kusechedwa, kudikira pa geti, mukatera ku bwalo la ndege la Charles de Gaulle pali mzere wa mapasipoti, kudikiranso chikwama, kenako ukwere sitima ya RER B theka la ola kapena kuposa kuti ulowe mtauni. Nditawerengera zonse anakwana maola asanu, ndinafika nditatheratu.

Ulendo wachiwiri ndi umene ndinakwera sitima ya Eurostar pa siteshoni ya St Pancras ku London, ndipo eeh ndinaikonda zedi. Maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20 watsika ku Gare du Nord, mkati mwenimweni mwa Paris, ukungotuluka panja ndi tauni kale. Za mapasipoti zonse, za UK ndi za France, umathana nazo ku London konko usanakwere, ndiye kutsidyako umangonyamula katundu wako nkumapita. Amalola masutikesi awiri ndi kachikwama ka m'manja, sayika pa sikelo, bola uzitha kunyamula wekha. Kwa ife amene sitipita kwa abale chimanjamanja, chimenechi ndi chachikulu.

Chomwe chinandigwira mtima ndi Channel Tunnel. Njanji ya pansi pa nthaka ya makilomita 50, ndipo pafupifupi 38 mwa amenewo ali pansi pa nyanja, anaitsegula mu 1994. Ndinali ndi kamantha, sindinama, koma mumangolowa mumdima mphindi ngati 20 sitima ili phee osagwedezeka, kenako kuwala, minda ya ku France ija ikudutsa pa windo sitima ikuthamanga mpaka makilomita 300 pa ola. Ndinangokhala chete kuyang'ana panja.

Mtengo umasintha malinga ndi tsiku, ndiye gulani tikiti kudakali masabata angapo, mukagula mochedwa nthawi zina ndege imatchipa kuposa. Fikani pa siteshoni msanga chifukwa geti amatseka sitima isananyamuke. Amene muli ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza ya Schengen, ya UK siigwira ku France. Komanso Paris ili patsogolo ndi ola limodzi, ndiye wokuchingamirani muuzeni nthawi yomwe yalembedwa pa tikiti, imeneyo ndi ya kumeneko kale.