Bokosi lachitsulo la ma RCBO 10 ndi SPD: nyenyezi 4 mwa 5

Bokosi logawira magetsi m'nyumba ili ndi labwino ndipo nditasamukira nyumba ina ndingaligulenso. Tadutsa nalo nyengo yonse yozizira, makina ochapira akuzungulira, uvuni ikuyaka, ana akusamba pa shawa yamagetsi, popanda chodandaulitsa. Nyenyezi imodziyo ndachotsera tinthu tingapo tomwe nditchule kutsogoloku. Ndalemba motalikirapo chifukwa anzathu ambiri kuno ku England akugula nyumba zakale zogundizana zija, ndipo akatsegula kakabati ka kunsi kwa masitepe akupeza zomwe ndinapeza ine.

M'nyumba yathuyi munali mabokosi awiri. Lalikulu linali la Wylex lakalekale, la mafyuzi omanga ndi waya: la kadontho koyera la 5A la mababu, la buluu la 15A la chotenthetsera madzi, ndi ofiira a 30A a masoketi ndi kuka. Pambali pake panali kena kakang'ono komwe eni nyumba akale anawonjezera ataika shawa. Sindikuwanyoza ayi, agwira ntchito zaka zambirimbiri. Kungoti fyuzi ntchito yake ndi kuteteza waya kuti asapse. Mwana akagwira chingwe chong'ambika cha ketulo, magetsi odutsa m'thupi mwake ndi ochepa kwambiri moti waya wa 30A sangamve n'komwe, koma ndi okwanira kuimitsa mtima. RCD, swichi yodzizimitsa yokha poteteza munthu, ndiyo imaona zimenezo: magetsi okwana 30mA akangothawira kwina, imadula sekondi isanathe.

Mabokosi otsikirapo mtengo amakhala ndi ma RCD awiri okha, iliyonse ikulondera theka la nyumba. Ili lili ndi RCBO pa nthambi iliyonse, kutanthauza kuti bureka ndi RCD zili m'kachipangizo kamodzi. Phindu lake ndinaliona usiku wina wa mvula yamphepo pamene madzi analowa m'babu la kuseri kwa nyumba. Inagwa RCBO imodzi yokha. Filiji inapitiriza kulira, boila sinazime, ana anamaliza homuweki yawo, ndipo ine ndinadziwa pompo pomwe pali vuto chifukwa chizindikiro chinali pa nthambi yake. Ndalama yowonjezerayo musaiumire.

Ma RCBO ake ndi a Type A, oyenerana ndi zipangizo za masiku ano monga makina ochapira ndi machaja, zomwe kathawidwe ka magetsi ake mtundu wakale wa AC sumakazindikira bwino nthawi zina. Chikuta chake ndi chachitsulo, monga malamulo a kaikidwe ka magetsi a BS 7671 amafunira m'nyumba zogonamo kuyambira Januwale 2016, atawona kuti mabokosi apulasitiki ankayaka moto waya akamasuka mkati. M'nyumba ngati yathu bokosi limakhala kunsi kwa masitepe amatabwa, njira yokhayo yotsikira kuchokera kuzipinda zogona, ndiye nkhani ya chitsuloyi ine ndimaitenga mozama. Za SPD ndichenjeze anzanga ochokera kumudzi: si fridge guard ija tinazolowera. Iyi imameza mphamvu yobwera mwadzidzidzi ngati ya mphezi. Siidikirira kuti magetsi akhazikike isanayatse filiji.

Tsopano za kuika nokha, pomwe pagona nkhani. Ine ndinaphunzira zamagetsi pa sukulu ya ntchito zamanja ku Malawi, ndipo zambiri n'zofanana: 230V, masoketi a mano atatu omwe aja. Manja amaidziwa ntchitoyi. Koma kuno sindinalembetse ku NICEIC kapena NAPIT, mabungwe ovomereza amisiri a zamagetsi, ndipo kuyambira 2005 gawo la malamulo a zomangamanga lotchedwa Part P limati kusintha bokosi lonse ndi ntchito yoti khonsolo idziwe. Sakuletsani kugwira nokha. Akuti muwadziwitse a Building Control, ofesi ya khonsolo yoona zomangamanga, musanayambe, mulipire, iwo atumize munthu wodzayeza. Amene muli ku Scotland malamulo anu ndi ena, mufunse konko.

Chachiwiri, fyuzi yaikulu ija yomangidwa ndi kawaya kachidindo pafupi ndi mita si yanu, ndi ya kampani yosamalira nthambo za m'dera lanu. Musaidule. Ine ndinapempha kampani yomwe timalipirako magetsi kuti idzaike swichi yodulira pakati pa mita ndi bokosi. Anabwera, anaika, ndipo kuchokera apo ndimatha kuzimitsa nyumba yonse popanda kukhudza za eni. Ngakhale mwazimitsa, yezani ndi choyezera chodalirika kuti mawaya afadi musanalowetse dzanja.

Chomwe ndikufuna mumvetse koposa zonse ndi ichi: bokosi latsopano silichiritsa mawaya okalamba, limangowaulula. Fyuzi yakale inkalekerera zolakwika zambiri mwakachetechete, pomwe RCBO siilola n'kamodzi komwe. N'chifukwa chake ndinabwereka makina oyezera n'kuyeza nthambi iliyonse bokosi lakale likadali pakhoma. Masoketi anatuluka bwino, mawaya ake ofiira ndi akuda aja koma a PVC, osati a mphira yofumbutuka. Mababu ndiwo anandiimitsa. Nditamasula neutral (waya wobwezera magetsi) wa mababu apansi ndi wa mababu am'mwamba, choyezera chinaonetsa kuti nthambi ziwirizi zikugwirana penapake. Ndinatsegula swichi ya pa masitepe, ija mumayatsa pansi n'kukazimitsa m'mwamba, ndipo nkhani inali pomwepo: babu la pamwamba pa masitepe limatenga live (waya wobweretsa magetsi) kuchokera ku nthambi yapansi, koma neutral limabwereka ku nthambi yam'mwamba. Amisiri akale ankachita zimenezi kawirikawiri pofuna kusunga waya. Pa mafyuzi palibe akanadziwa. Pa bokosi ili, kungodina swichi imeneyo ma RCBO awiri akanagwa limodzi, ndipo munthu akanathamangira kudzalemba pano kuti wagula chinthu chowonongeka. Ndinazula matabwa awiri a pansi m'chipinda cham'mwamba n'kukoka waya watsopano pakati pa maswichi awiriwo. Ngati nyumba yanu inaikidwa mawaya chisanafike chaka cha 1966, onaninso ngati nthambi za mababu zili ndi earth, waya wachitetezo wothawitsira magetsi m'nthaka, chifukwa zambiri za nthawi imeneyo zilibe.

Ndinasinthanso mawaya akuluakulu olowa m'bokosi kuika a 25mm², ndi kukoka a 10mm² obiriwira ndi achikasu kupita ku paipi ya gasi ndi ya madzi, poti omwe analipo anali owonda.

Kuika kwenikweniko kunayenda bwino. Bokosi ndi lolimba, silipindika mukamalimanga pakhoma losawongoka, ndipo njanji yake imagwira ma RCBO mosagwedera. Chitseko chimadzitsekera chokha mukachisiya. Pomanga busbar, mkuwa uja wa mano olowa kunsi kwa RCBO iliyonse, suzumirani ndi tochi dzino lililonse. N'zotheka dzino kulowa kuseri kwa kachitsulo kopanira, sikuluwu n'kulimba bwinobwino koma osagwira kanthu, ndipo malo otere ndi omwe amatentha. Gwiritsani sikuludiraiva yoyeza kulimba ndipo tsatirani manambala a opanga, osangodalira mkono.

Zomwe sizinandisangalatse ndi izi. Malo oboola polowetsa mawaya ndi ouma kwambiri, ndipo m'katoni munalibe timphira totchingira m'mphepete kapena gland, chogwirira mawaya akuluakulu polowera. Ndinachita kubwerera kusitolo, chonsecho pa bokosi lachitsulo zimenezi n'zosasiyika. Kumtunda malo ndi ochepa: ma RCBO khumi, iliyonse ndi kamchira kake ka neutral, kuphatikizapo mawaya akale ofupika, zala zimasowa polowa. Kapepala ka malangizo zilembo zake n'zazing'ono zedi, ndipo timapepala tomata tolembapo mayina a nthambi tinali toperewera.

Munthu amene khonsolo inatumiza anayeza zonse, kuphatikizapo liwiro lomwe RCBO iliyonse imagwera, ndipo satifiketi inabwera. Pepala limenelo lisungeni pamodzi ndi a nyumba, chifukwa tsiku logulitsa loya wa wogula adzalifunsa. Pa bokosi pali chizindikiro chokumbutsa kudina batani loyesera miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo ife timadina tikamasintha mawotchi mu Malichi ndi mu Okutobala.

Kunena zoona pa ndalama, nditawonkhetsa ya khonsolo, yobwerekera makina oyezera ndi ya zipangizo zing'onozing'ono, yomwe ndinapulumutsa inali yochepa poyerekeza ndi kuitana mmisiri wolembetsedwa, amene amayeza yekha ndi kudziwitsa khonsolo m'malo mwanu. Ngati munaphunzira ntchitoyi ndipo mumatha kuwerenga zomwe choyezera chikunena, bokosi ili silikuvutitsani. Ngati luso lanu limathera posintha soketi, uzani mmisiri kuti mukufuna la mtundu uwu, la RCBO pa nthambi iliyonse, ndipo mumupemphe ayeze mawaya a nyumba yonse asanakuuzeni mtengo. Musankhenso lotsala ndi malo awiri kapena atatu opanda kanthu. Ine langa ladzaza kale, ndipo mayi a kunyumba ayamba kunena za magetsi a ku shedi.