Mapiritsi a Diamox: amphamvu pa glaucoma, ongothandizira pa khunyu

Diamox, amene dzina lake lenileni ndi acetazolamide, amachepetsa madzi amene diso limapanga, motero kupanikizika kwa m'diso kumatsika m'maola ochepa. Glaucoma ndi matenda a maso amene nthawi zambiri amabwera chifukwa cha kukwera kwa kupanikizikaku, ndipo ikabwera mwadzidzidzi timawadalira kwambiri mapiritsiwa. Dokotala amalembera piritsi la 250 mg, kamodzi mpaka kanayi patsiku.

Pa khunyu sitiwayamikira kwenikweni. Amangowonjezera pa mankhwala ena monga carbamazepine, ndipo pakapita miyezi thupi limawazolowera. Komabe wodwala asawasiye mwadzidzidzi, angayambenso kugwa.

Ambiri amadandaula dzanzi m'zala ndi m'milomo, kukodza pafupipafupi, ndiponso zakumwa za gasi kusakoma. Choopsa n'chakuti amatayitsa potaziyamu (mchere wofunika m'thupi) mumkodzo ndipo angayambitse timiyala mu impso, choncho muzimwa madzi okwanira ndi kuyezetsa magazi. Odwala chiwindi kapena impso kwambiri, komanso amene mankhwala a gulu la sulfa (monga Bactrim) amawawenga, asamwe.