Batire la Asidi Kapena la Lithiyamu pa Sola ya Pakhomo

Munthu akamafunsa mtengo woika sola pakhomo, maso ake amathamangira ku mapanelo chifukwa ndi amene amaoneka padenga. Komatu masiku ano mapanelo si amene amadya ndalama zambiri. Pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wawo padziko lonse unatsika ndi pafupifupi 90 peresenti, ndipo opanga ambiri amalonjeza kuti panelo lidzagwirabe ntchito kwa zaka 25, mphamvu yake ikuchepa ndi pafupifupi theka la peresenti pachaka. Chimene chimatha msanga ndi batire, choncho phindu la sola limadalira kuti mwini nyumba adzagula kangati batire latsopano mapanelo omwewo adakali padenga.

Mabatire amene akulimbirana ogula ndi a mitundu iwiri. Oyamba ndi a mtovu ndi asidi, omwe anatulukiridwa ndi Gaston Planté ku France mu 1859, ndipo m'gulu limeneli muli othira madzi komanso omata a gel ndi AGM. Achiwiri ndi a lithiyamu a mtundu wa LiFePO4, omwe anachokera ku kafukufuku wa gulu la John Goodenough ku yunivesite ya Texas m'zaka za m'ma 1990. Pa tsiku logula, la asidi ndi lotsika mtengo, ndipo apa palibe chotsutsana.

Vuto limayamba pa manambala olembedwa pabatire. Batire la asidi la 12V 200Ah (V ndi mavoti, Ah ndi muyezo wa kukula kwa batire) limasunga mphamvu ya 2.4 kWh, kutanthauza mayuniti 2.4 a magetsi, koma siliyenera kukamidwa kupitirira theka, kotero mphamvu imene banja lingagwiritse ntchito usiku ndi 1.2 kWh yokha. La lithiyamu la 12.8V 100Ah limasunga 1.28 kWh, ndipo limalola kuti mutengemo 80 kapena 90 peresenti tsiku lililonse popanda kulivulaza. Ndiye kuti batire la lithiyamu limene papepala likuoneka laling'ono ndi theka limagwira ntchito pafupifupi yofanana ndi la asidi lija. Wogula amene akuyerekeza 200Ah ya uku ndi 200Ah ya uko akuyerekeza zinthu zosiyana, ndipo si ogulitsa onse amene amafulumira kumufotokozera zimenezi. Kulemera nakonso kumasiyana: la asidi la 200Ah limaposa makilogalamu 50, pamene la lithiyamu la 100Ah limangopitirira pang'ono makilogalamu 10.

Chachikulu kwambiri ndi kutalika kwa moyo wa batire. Batire la asidi logwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku limapirira kutchajidwa ndi kukamidwa maulendo mazana angapo, labwino kwambiri n'kupitirira 1,000, pamene la LiFePO4 labwino limafika maulendo 3,000 mpaka 6,000. Popeza pa sola batire limadzaza masana n'kukamidwa usiku uliwonse, maulendo 3,000 ndi zaka zoposa zisanu ndi zitatu. M'zaka zimenezi mwini batire la asidi amakhala atagula kawiri, katatu kapena kuposerapo. Ndipo asidi sakhululuka: kukachita mitambo masiku angapo motsatizana batire n'kukhala losadzaza, timibulu ta salfeti timauma pa mbale za mtovu za m'kati, ndipo mphamvu imene yatayika motero kawirikawiri sibwereranso. Chizindikiro chake eni sola amachidziwa bwino. Madzulo mita imaonetsa kuti batire ladzaza, koma furiji ikangolira pakati pa usiku invata, chipangizo chosintha mphamvu ya m'batire kukhala magetsi a m'nyumba, imayamba kulira alamu, mababu n'kuzima. Kutentha kumaonjezera vutoli, chifukwa moyo wa batire la asidi umafupika ndi pafupifupi theka malo osungirapo akatentha ndi madigiri 8 mpaka 10 kuposa 25°C. La lithiyamu silivutika likakhala losadzaza, ndipo limabweza pafupifupi 95 peresenti ya mphamvu imene lalandira, pamene la asidi limabweza 80 mpaka 85 peresenti, zimene zikutanthauza kuti mbali ina ya ntchito ya mapanelo imangotayika ngati kutentha.

Sindikunena kuti batire la asidi ndi lachabechabe. M'nyumba imene ili ndi magetsi a kampani ndipo amazima mwa apo ndi apo, batire limangokhala chidzadzire kudikirira, ndipo pa ntchito yotere la asidi limakhala zaka zambiri, moti kulipirira maulendo 6,000 amene simudzawagwiritsa ntchito n'kuwononga ndalama. Ndi losavutanso kulikonzanso likatha, pakuti mtovu wake umasungunulidwa n'kupangira mabatire ena. Lothira madzi limafuna kuonjezeredwa madzi a batire nthawi ndi nthawi, komanso malo opita mphepo chifukwa limatulutsa mpweya wa haidrojeni umene umayaka. Palinso njira yosagula batire n'komwe, yolumikiza mapanelo ku magetsi a kampani. Imeneyi ndiyo yotsika mtengo kuposa zonse, koma invata yotere imadzizimitsa magetsi a kampani akazima, pofuna kuteteza amisiri okonza mawaya, choncho nyumba imakhala yopanda magetsi ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Kwa banja limene limadalira sola usiku uliwonse, ine ndimaona kuti lithiyamu ndiye wotsika mtengo mukawerengera zaka, malinga ngati batirelo ndi lenileni. Batire lililonse la LiFePO4 limakhala ndi kachipangizo kotchedwa BMS, kamene kamaliteteza kuti lisatchajidwe mopitirira muyezo, lisakamidwe mpaka kutheratu, ndiponso kamalinganiza maselo ake, tizigawo ta m'kati tosunga mphamvu. BMS ikakhala yachinyengo kapena maselo akakhala ogwiritsidwa kale ntchito, maulendo masauzande aja amangotsala papepala. Kumadera ozizira kwambiri, batireli siliyenera kutchajidwa kuzizira kukatsika kupitirira 0°C. Amene akuchoka ku asidi kupita ku lithiyamu aonetsetsenso kuti invata ndi chowongolera kutchaja zimene ali nazo zikhoza kusinthidwa kuti zigwirizane ndi lithiyamu, chifukwa zina zakale zinapangidwira asidi yekha, ndipo mtengo wozisintha uyenera kulowa m'masamu asanagule.