Nyimbo 43,000 pa hard disk imodzi: chifukwa chimene ndakhazikikira pa pulogalamu ya MusicBee

Bambo anga atatisiya, anandisiyira makatoni atatu a makaseti. Ena anali ogula, a zikuto zawo, koma ambiri anali ojambula okha pawailesi madzulo, dzina la woyimba atalilemba ndi bolopeni pakapepala, pena osalemba n'komwe. Ndinatha pafupifupi chaka ndikuwasamutsira pakompyuta, kaseti imodziimodzi: chingwe kuchoka pawailesi ya makaseti kulowa mu laputopu, kujambula ndi pulogalamu ya Audacity, kenako kudula mbali A ndi mbali B kuti nyimbo iliyonse ikhale payokha. Onjezani pamenepo ma CD amene ndagula zaka zonsezi, nyimbo zimene ndinkaikitsa pa fulashi kwa anyamata obana nyimbo kumsika ndili wachinyamata, ndi zimene abale amatumiza pa WhatsApp. Zonse pamodzi zadutsa 43,000. Loweruka lambiri ndimakaika nyimbo pa maukwati ndi pa zinkhoswe, choncho nyimbozi si zokongoletsa chabe. Munthu akandipempha nyimbo, imafunika ilire iye asanabwerere pampando.

Kwa nthawi yaitali ndinkangodalira mafoda ndi VLC. VLC sindiinyoza, imatsegula chilichonse chimene mwaipatsa, ngakhale fayilo yoduka mchira. Koma ndi chiwiya choseweretsera, si nkhokwe. Nyimbo zikakhala mazana ochepa mumakumbukira pamene munaziika. Zikafika masauzande, mumapezeka muli ndi mafoda asanu ndi awiri otchedwa "New Folder", mafayilo 300 otchedwa "Track 01", ndi mulu wa mayina ngati AUD-20190312-WA0007, omwe WhatsApp imapereka ku nyimbo zolandira pafoni. Dzina loterolo limangokuuzani tsiku, silikuuzani amene akuyimba.

Pofunafuna pulogalamu yosanjira nyimbo, ndinayamba ndi Winamp, chifukwa ndi imene ambiri a ife tinaidziwa m'ma internet cafe. Inatuluka mu 1997 kuchokera ku Nullsoft, AOL inagula kampaniyo mu 1999, ndipo kumapeto kwa 2013 inalengeza kuti ikuitseka, mpaka Radionomy anaigula kumayambiriro kwa 2014. Imagwirabe ntchito ndipo ndimaikondabe, koma mtima sunandilole kumanga ntchito ya zaka zambiri pa pulogalamu imene yakhala ikusinthasintha manja choncho. iTunes ndinaisiya pa chifukwa chimodzi chokha: siiseweretsa mafayilo a mtundu wa FLAC, pamene makaseti onse a bambo ndinawasunga mu FLAC kuti mawu asatayike ngakhale pang'ono. Nayonso Apple inaigawa kale pa Mac mu 2019 kukhala mapulogalamu osiyana. MediaMonkey ya kampani ya Ventis Media ndi yamphamvu ndithu pa nkhokwe zikuluzikulu, kungoti zina mwa zida zake zili mu mtundu wolipira wa Gold, ndipo kulipira zinthu kunja ndi khadi pamene ndalama zakunja zikuvuta chonchi si nkhani yaing'ono. Amene angakwanitse, aiyese, si ndalama yotaya.

Mpikisano weniweni unatsala pa awiri, foobar2000 ndi MusicBee, onse aulere.

foobar2000 anailemba Peter Pawłowski, yemwe poyamba ankagwirako ntchito ndi Nullsoft, ndipo inatuluka mu 2002. Mukaitsegula koyamba mukhoza kukhumudwa. Ndi windo loyera, mizere ya mayina, basi. Koma kupepuka kwake n'kodabwitsa. Pa laputopu yanga yakale ya 4 GB ya RAM imatseguka nthawi yomweyo, ndipo ndikalemba "genre HAS kwaya" m'bokosi lofufuzira, makwaya onse amatuluka chala chisanachoke pa batani. Mtundu wa 2.0 wa mu 2023 unabweretsa 64-bit komanso maonekedwe akuda, omwe amathandiza usiku muholo kuti sikirini isakuthobweni m'maso. Vuto lake ndi lakuti imakupatsani njerwa ndi simenti, nyumba mumange nokha. Kuti ioneke ndi kugwira ntchito mmene mukufunira, muyenera kuphunzira kalembedwe kake ka %artist% ndi %title%, kuwonjezera tizida totchedwa ma component, kukonza mapanelo. Achimwene anga amakonda zimenezi ndipo yawo ndi yokongola kwambiri. Ine nthawi imeneyo ndinkafuna kuithera pa nyimbo zenizenizo.

MusicBee ndi ya Steven Mayall, inayamba mu 2008, ndipo chimene chinandigwira mtima tsiku loyamba ndi kachinthu kooneka kakang'ono kotchedwa Inbox. Nyimbo zatsopano sizilowa m'nkhokwe mwachindunji. Zimayamba zaima pakhonde. Mumazimvetsera, kukonza dzina la woyimba, dzina la nyimbo, chimbale, chaka, kuika chithunzi cha chikuto ngati chilipo, ndiye kenako n'kuzilowetsa. Kwa munthu wolandira nyimbo kuchokera kumbali zonse ngati ine, izi zili ngati kupeta chimanga musanachithire m'thumba. Chisokonezo chimene chinalipo kale ndinachichotsa pang'onopang'ono, koma chatsopano chinasiya kulowa kuyambira tsiku lomwelo.

Apa ndiyenera kukhalitsa pa nkhani ya ma tag, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Tag ndi mawu olembedwa mkati mwa fayilo ya nyimbo, osati dzina la fayilo limene mumaona mufoda. Mapulogalamu onsewa amasanja nyimbo potengera ma tag. Amene nyimbo zawo ndi za ku America kapena ku Ulaya savutika: amatsegula pulogalamu ya MusicBrainz Picard, imamvetsera nyimbo kudzera mu AcoustID, njira yozindikirira nyimbo ndi kamvekedwe kake, n'kuilembera zonse yokha kuchokera m'nkhokwe ya pa intaneti. Ine ndinayesa. Reggae ya ku Jamaica, country imene bambo ankakonda, ndi rumba yambiri ya ku Congo zinapezeka bwinobwino. Koma nditafika pa makwaya a m'mipingo, magulu a mabanjo a pawailesi, manganje, ndi oyimba amene anangotulutsa kaseti imodzi n'kusiya, zambiri sizinapezeke. Palibe amene anazilembetsa kumeneko. Nyimbo zakwathu zimafuna kulemba pamanja, ndiye pulogalamu yabwino kwa ife ndi imene imapeputsa kulemba pamanjako.

Pamenepa MusicBee imachita bwino kwambiri. Mumasankha nyimbo makumi atatu nthawi imodzi, kutsegula windo limodzi, kulemba dzina la kwaya kamodzi, zonse zasintha. Ngati dzina la fayilo lili kale ndi woyimba ndi nyimbo, pali chida chotengera ma tag kuchokera ku dzinalo. Ndinaphunziranso kusiyanitsa Artist ndi Album Artist, zomwe poyamba ndinkaziona ngati chinthu chimodzi. Pa chimbale chimene oyimba angapo athandizana, Album Artist amakhala mwini chimbale, Artist amakhala amene akuyimba nyimbo imeneyo. Mukapanda kutero chimbale chimodzi chimamwazika zidutswa khumi. Chinanso, sankhani kalembedwe kamodzi ka dzina n'kukakamira pomwepo. Kwaya imodzi ndinaipeza italembedwa m'njira zinayi, pena "St.", pena "Saint", pena "Woyera", pena dzina la parishi lokha, ndipo kompyuta inkaiona ngati makwaya anayi.

Palinso nkhani ya chilembo ŵ. Ma tag akale a ID3v1 amangolola zilembo 30 pa dzina, choncho mayina aatali a makwaya athu amaduka pakati, ndipo ŵ mulibe m'gulu la zilembo za Latin-1 zimene ma tag akale amadalira. Ndimasunga ma MP3 anga ndi ID3v2.3, imene imalola Unicode, gulu la zilembo limene ŵ alimo, ndipo zipangizo zambiri zimaiwerenga. Ngakhale zili choncho, wailesi ya m'galimoto ya malume imaonetsa kabokosi pamalo pa ŵ. Ndinasankha kulemba molondola m'nkhokwe, chifukwa wailesi idzatha koma nyimbo zidzatsala kwa ana.

Chida chimene chimandidyetsa ndi ma custom tag. Ndinapanga malo anga otchedwa "Mwambo", ndipo mmenemo ndimalemba mawu ngati kulowa kwa mkwatibwi, perekaniperekani, kudula keke, chinkhoswe, maliro, Khirisimasi. Kenako ndinapanga ma auto-playlist, amene amadzidzaza okha potsatira lamulo limene mwawapatsa. Lina limati: Mwambo ukhale perekaniperekani, nyenyezi zimene ndinaipatsa nyimboyo poiyamikira zikhale zinayi kapena zisanu. Nyimbo yatsopano ndikangoilemba choncho, yalowa kale pamndandanda. Mtsogoleri wa mwambo akati "tsopano akuchikazi aimirire", sindifufuzanso m'mafoda thukuta lili kamukamu.

Ndikuuzeni za ukwati wina umene unandiphunzitsa ReplayGain. Agogo a mkwati anapempha nyimbo yakale ya pakaseti kuti avine popereka. Mawu ake anali otsika, ndiye ndinakweza pa mixer. Agogo anavina, anthu akuwomba m'manja, ndalama zikugwa m'lichero. Nyimbo itatha, inalowa ya masiku ano, yojambulidwa mokweza kale. Masipika anabangula, kamwana kamene kanali pamzere wakutsogolo kanayamba kulira, ndipo agogo aja anagwira pamtima. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa inali mphindi yawo. ReplayGain, njira imene David Robinson anaiyambitsa mu 2001, imayeza kukwera kwa nyimbo iliyonse n'kulemba nambala mu tag, osakhudza mawu enieniwo, ndipo poseweretsa pulogalamu imakweza kapena kutsitsa yokha. MusicBee ndi foobar2000 onse amachita zimenezi. Ndinasiya laputopu ikuyeza nkhokwe yonse usiku wathunthu, ndipo kuyambira pamenepo dzanja langa silikhalanso pa batani la voliyumu.

Pa chida cha MusicBee chosanja mafayilo m'mafoda ndikuchenjezeni ndi mtima wonse. Mumaipatsa ndondomeko, monga Album Artist, kenako Album, kenako nambala ndi dzina la nyimbo, ndipo imasamutsa mafayilo masauzande m'kanthawi kochepa. Imachita zimene mwaiuza ndendende. Ngati ma tag anu sanakonzedwe, zonse zopanda dzina zikaunjikana mufoda imodzi, ndipo mayina a mafoda akale, omwe mwina ndi okhawo ankakuuzani kuti nyimbo inachokera pa kaseti iti, atayika. Yambani mwakonza ma tag, onetsetsani mndandanda umene imakuonetsani isanasamutse, ndipo yesani kaye pa foda imodzi yokopera. Musanachite chilichonse, koperani nkhokwe yonse pa hard disk ina. Magetsi akazima pakati pa ntchito yosamutsa pa kompyuta yapatebulo, mudzathokoza. Hard disk yanga yachiwiri imakhala kunyumba kwa achemwali anga, ndipo ndimakaitenga kamodzi pa mwezi kuti ndiwonjezere zatsopano.

Za malo musade nazo nkhawa kwambiri. MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, ya 320 kbps pafupifupi 2.4 MB, FLAC imadya kuposa pamenepo kawiri kapena katatu. Zanga zonse zikukwana pa hard disk ya 1 TB. Potumiza nyimbo pafoni kapena pa memori khadi, MusicBee imatha kusandutsa FLAC kukhala MP3 ili m'njira, yoyambirira n'kutsala mmene inalili. Ndipo zonsezi sizifuna bandulo, kupatula pofufuza zikuto kapena mawu a nyimbo pa intaneti.

Zofooka zilipo. MusicBee ndi ya Windows yokha. Amene asamukira ku Linux chifukwa Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 mu October 2025 ayang'ane Strawberry, imene Jonas Kvinge anaipanga mu 2018 kuchokera ku Clementine. Ndinaiyesa pa kompyuta ya mnzanga, ndi yaudongo, ngakhale zida zake zosanjira sizifika pa za MusicBee. Chachiwiri, masamba a Preferences, otcherera MusicBee mmene mukufunira, ndi ochuluka moti sabata yoyamba munthu amasochera. Chachitatu ndi chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni: pulogalamuyi imadalira munthu mmodzi, ndipo code yake si yotseguka kuti ena adzapitirize. N'chifukwa chake ndinatchera kuti nyenyezi ndi tag yanga ya Mwambo zizilembedwa mkati mwa mafayilo, osati mu database ya MusicBee yokha. Ndinatsimikiza potsegula mafayilo omwewo mu foobar2000 ndi mu Mp3tag, pulogalamu yokonzera ma tag, zonse zinaoneka. Itati yatha mawa, ntchito yanga ndinyamula.

Mmene ndikuchitira pano ndi motere: kunyumba, kusanja ndi kumvetsera ndi MusicBee. Pa fulashi imene imakhala m'thumba la jekete ndikamapita ku ukwati muli foobar2000 ya portable, yosafuna kuika pakompyuta, pamodzi ndi nyimbo zofunika kwambiri, kuti laputopu ikakana ndibwereke ya wina mwambo usaime. Wondifunsa kuti ayambe ndi iti, ndimamuuza MusicBee mosazengereza, pokhapokha ngati kompyuta yake ndi yofooka kwambiri kapena amasangalala ndi kumanga zinthu yekha.

Mu Inbox yanga mwatsala nyimbo 212 za m'makaseti a bambo zimene palibe kapepala kanazitchula. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndimapita ndi laputopu kwa amayi, n'kuwaikira zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Amatseka maso, pena amayamba kuyimba nawo, kenako amati, "Iyi ndi kwaya ya kwawo kwa abambo ako, ankaiyimba pa Pasaka." Ine ndimalemba pomwepo, dzina la kwaya, mudzi, ndi chaka chimene akuganizira, n'kuilowetsa m'nkhokwe. Sabata yatha anazindikira zinayi. Yachisanu anandiuza kuti ndiibwereze katatu, kenako anati ndikafunse azakhali ku Ntcheu.