Kamera ndi mapaipi awiri pa ngolo ya boti: zomwe ndaona patapita miyezi ndikuphunzitsira anthu kubweza

Pa zinthu ziwiri zomwe ndinawonjezera pa ngolo ya boti pofuna kuthandiza ophunzira anga, chomwe chagwira ntchito yaikulu ndi chija chosaoneka ngati kanthu: mapaipi awiri oyera a PVC oimikidwa kumapeto kwa ngolo, ina kumanja ina kumanzere. Kamera yopanda mawaya, yomwe imatumiza chithunzi ku sikirini ya m'galimoto, ikadalipo ndipo ikuyakabe, koma masiku ano imakhala m'chikwama nthawi yambiri ya phunziro. Ndimaitulutsa pa ntchito ziwiri zokha.

Pamene ndinkalemba koyamba za zipangizozi zinali zikadali zatsopano. Ndinanena kuti kamera imapeputsa ntchito yokoleka ngolo ku galimoto, komanso kuti mapaipi amathandiza kulowetsa boti pakati pa ngolo mphepo ikamawomba cham'mbali. Zonsezo sizinasinthe. Chomwe sichikanadziwika nthawi imeneyo ndi momwe chilichonse chimasinthira kaphunziridwe ka munthu amene sanabwezepo ngolo chibadwire. Izi zimaoneka ukakhala pampando wa pambali, n'kumayang'ana maso ndi manja a anthu osiyanasiyana kwa nthawi yaitali.

Wophunzira watsopano amavutika ndi chinthu chimodzi: galimoto ikamabwerera chambuyo imakankha khosi la ngolo, ndipo khosi likapita kumanja, kumapeto kwa ngolo kumaloza kumanzere. Zili ngati wilibala: ukafuna kuti tayala lilowere kumanzere, zigwiriro umazikankhira kumanja. Ndiye tsiku loyamba ndimamuuza kuti aike dzanja limodzi kumunsi kwa chiwongolero. Dzanjalo likapita kumanzere, kumapeto kwa ngolo kumapitanso kumanzere. Lamuloli aliyense amaligwira msanga. Chimatenga nthawi ndi kudziwa nthawi yoyambira kukhota ndi nthawi yosiyira, ndipo zimenezi zimadalira kuona msanga kuti ngolo yayamba kupatuka pa mzere wa galimoto. Amene amaona kupatukako kukadali kochepa amasuntha dzanja pang'ono chabe. Amene amakuona mochedwa amapukusa chiwongolero chonse, ngolo n'kuthawira mbali inayo, iye n'kupukusanso, mpaka ngolo yapindikira ku bampala.

Apa m'pamene mapaipi aja amaonetsa ntchito yawo. Ngolo ikanyamula boti imaoneka bwino m'magalasi onse awiri. Koma ikakhala yopanda kanthu imakhala yofupika ndi yopyapyala, ndipo kumbuyo kwa galimoto yaitali siioneka n'komwe mpaka itapatuka kale kwambiri. Pamtsetse wotsitsira boti m'madzi zimanyanya: ngolo imayamba kutsika galimoto ikadali pamalo athyathyathya, ndipo kwa kanthawi dalaivala amaona madzi okhaokha kumbuyo. Komatu ngolo yopanda kanthu ndi imene munthu amabweza pa nthawi yovuta kwambiri, madzulo atatopa, anzake akudikira pamzere, boti likuyandama wina ataligwira ndi chingwe. Mapaipi anga ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo nsonga zake zimaonekabe ngakhale ngolo yonse yabisika.

Mayi wina amene ndinkamuphunzitsa ankagwira chiwongolero mwamphamvu moti mitsempha ya padzanja inkaonekera. Akangolowetsa giya yobwerera, mutu unkayamba kuzungulira: kuphewa, kugalasi lapakati, kuphewanso. Ndinamupempha kuti aime, tinatsika, ndipo tinawongola magalasi a m'mbali mpaka paipi iliyonse inkaoneka kachidutswa kofanana m'mphepete mwa galasi lake. Kenako ndinati, "Mayi, musayang'ane ngolo. Yang'anani mapaipi awiriwa basi. Ina ikayamba kukula m'galasi ili, dzanja lanu lithawire mbali inayo, pang'ono pokha." Anabweza mwapang'onopang'ono, phazi lili pa buleki, milomo ikuyenda ngati akuwerenga. Paipi ya kumanzere itangotulukira, dzanja linasuntha mwina utali wa chikhatho, paipiyo n'kubwerera m'malo mwake. Atafika pa makoni, zizindikiro zosongoka zija zoika pamsewu, anapuma mwamphamvu, nati, "Aphunzitsi, kani imamvera chonchi?" Kuyambira pamenepo sanatembenukenso khosi.

Kamera siingapereke zimenezi, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Ukaiika kumapeto kwa ngolo imakuonetsa komwe ngolo yaloza, koma siikuonetsa momwe ngolo yakhalira poyerekeza ndi galimoto. Pa sikirini msewu umaoneka bwinobwino pamene khosi lapinda kale. Chachiwiri, diso la makamera amenewa ndi lotambalala kwambiri kuti lione malo aakulu, ndipo zotsatira zake n'zakuti zinthu zimaoneka kutali kuposa pomwe zili, mizere yowongoka imapindika cham'mphepete. Chachitatu ndi kuchedwa kwa chithunzi. Yanga imatumiza pa mafunde a wailesi a 2.4 GHz, ndipo chithunzi chimafika mochedwa pang'ono, nthawi zina n'kuima kaye boti likatchinga pakati pa kamera ndi sikirini. Kwa dalaivala wozolowera kuchedwa kumeneko si nkhani. Kwa wophunzira, amene vuto lake lenileni ndi kuchedwa kuwongola, kamera imangowonjezera kuchedwa pamwamba pa kuchedwa kwake.

Ndipo sikirini imakoka maso. Ophunzira amene ndinawayambitsa ndi kamera ankaiwala magalasi, ndiponso ankaiwala kutsogolo kwa galimoto, komwe kumagwedezekera panja ukamakhota chobwerera. Mnyamata wina anatsala pang'ono kukhudza mzati ndi nyali yakutsogolo, maso ali pa sikirini, akusangalala kuti ngolo ikulowa bwino. Izi zimandikhudza chifukwa tsiku lina batire idzatha, kapena adzabwereka galimoto ya mnzake, ndipo adzakhala pamtsetse ndi manja osadziwa chochita.

Tisasokoneze kamera yoteroyi ndi zipangizo zomwe zimabwera ndi galimoto kuchokera ku fakitale. Ford inaika Pro Trailer Backup Assist pa galimoto yake ya F-150 ya 2016: dalaivala amapotoza kabatani kulozera komwe akufuna kuti ngolo ipite, galimoto n'kumazunguza yokha chiwongolero. Volkswagen ili ndi Trailer Assist, yomwe imagwiritsa ntchito kabatani kowongolera magalasi a m'mbali. Zimenezi zimayeza kupinda kwa khosi la ngolo, chinthu chomwe kamera yongomata siichita. Ngakhale zili choncho, munthu wokhala ndi galimoto yotere ndimamuphunzitsabe ndi magalasi kaye.

Ntchito ziwiri zomwe kamera yandikhutiritsa nazo ndi izi. Pokoleka, ndimaimata pachitseko chakumbuyo itayang'ana pansi pa mpira wachitsulo wa towbar, chitsulo chokokera ngolo cha kumbuyo kwa galimoto, ndipo wophunzira amafikitsa mpirawo pansi pa khosi la ngolo yekha, popanda kutsika kangapo kukasuzumira. Ntchito inayo ndi kuona kuseri kwa boti poliika pamalo osungira, komwe magalasi safika. Mwana, galu kapena njinga yosiyidwa kuseri kwa injini ya boti simungazione m'galasi lililonse. Pa chifukwa chimenechi chokha sindingaitaye.

Za kulimba kwake: maginito ake akugwirabe mwamphamvu, koma amamata pa chitsulo chokha. Pa aluminiyamu kapena pa fayibagalasi sagwira, ndiye amene ali ndi ngolo ya aluminiyamu ayenera kumangirira kachitsulo kaye. Pabokosi panalembedwa IP68, chizindikiro chakuti fumbi ndi madzi siziyenera kulowa, ndipo mvula sinailowe, koma itamizidwa kangapo pamodzi ndi ngolo, nthunzi inayamba kuoneka mkati mwa diso lake m'mawa kukazizira. Kuimiza n'kopandanso phindu, chifukwa ikangolowa m'madzi chithunzi chimaduka. Batire tsopano imatha msanga kuposa poyamba, ndipo dzuwa likawomba pa sikirini umangoona nkhope yako.

Mapaipi nawonso akalamba. Dzuwa lawasandutsa achikasu pang'ono, ndipo ina ili ndi mzere wakuda pomwe boti limakhuza. Paipi iliyonse imavala pa chitsulo chopindika chomangidwa ku felemu ya ngolo ndi mabawuti, ndipo mabawutiwo ankamasuka m'masabata oyambirira chifukwa cha kugwedezeka kwa pamsewu. Ndinaika manati odzitseka okha ndipo vutolo linatha. Dzimbiri layamba m'mazinga a mabawuti, pomwe utoto wa zinki unapalika pomanga. Amene amatsitsa boti m'madzi amchere azitsuka ndi madzi abwino nthawi zonse. Chinandidzidzimutsa ndi ichi: pamtsetse wakuya, paipi yotsekedwa kumwamba imasunga mpweya ndipo imayandama n'kuvuka pa chitsulo chake. Kabowo kakang'ono pa chivindikiro ndi bawuti imodzi yopyoza kumunsi zinathetsa zimenezo. Muyezenso m'lifupi mukamanga, chifukwa m'mayiko ambiri malire a m'lifupi mwa ngolo pamsewu ali pakati pa mamita 2.5 ndi 2.6, ndipo mapaipi amawerengedwa nawo.

Pali zina zomwe kamera kapena mapaipi sizingakonze, ndipo zimasokoneza ophunzira mpaka kudziona ngati olephera. Ngolo zambiri za maboti zili ndi mabuleki omwe amagwira okha khosi likapanikizika, monga zimachitikira galimoto ikamachepetsa liwiro. Pobweza, makamaka pokwera kamtunda kapena pa udzu, khosi limapanikizikanso, ndipo mabuleki a disiki amagwira mpaka ngolo kukana kuyenda. Wophunzira amaganiza kuti walakwitsa, amaponda mafuta, zinthu n'kuipiraipira. Ngolo zoterezi zimakhala ndi kavalavu kamagetsi kolumikizidwa ku nyali zobwerera chambuyo, kapena kachitsulo kotsekera pamanja. Ndimaonetsa munthu zimenezi asanalowe n'komwe m'galimoto, ndipo ndimamukumbutsa kuchotsa kachitsuloko asanalowe mumsewu.

Chinanso ndi utali wa ngolo. Ngolo yaifupi, kuyeza kuchokera pa mpira wachitsulo kufika pa matayala, imapatuka mofulumira kuposa yaitali. Anthu amaganiza kuti kangolo kakang'ono n'koyenera woyamba kumene, pamene ndi kamene kamavuta kwambiri. Ndikakhala ndi mwayi wosankha, ndimayambitsa munthu ndi yaitali.

Phunziro langa tsopano limayenda motere. Timayamba pabwalo lopanda magalimoto, ngolo yopanda boti, mawindo otsitsa, wailesi yozimitsa, kamera m'chikwama. Kubweza mowongoka kokha, mpaka munthu atasiya kupukusa chiwongolero. Kenako kukhotera mbali ya dalaivala, komwe ngolo imaoneka bwino pawindo, ndipo mbali inayo imabwera pomaliza. Ndimalimbikira kwambiri chinthu chomwe ambiri amachita nacho manyazi: kuyenda chakutsogolo pang'ono kuti ngolo iwongoke, n'kuyambiranso. Madalaivala a mathiraki amachita zimenezi tsiku lililonse. Ngati pali womulozera, aime pomwe akuoneka m'galasi, ndipo akangosowa m'galasimo galimoto iime. Mawu akhale ochepa: "imani", "bwerani", "mbali yanu", "mbali inayo". Kumanja ndi kumanzere kumasokoneza anthu awiri oyang'anizana.

Kumtsetse timapita pa nthawi yomwe kulibe anthu. Kumeneko wophunzira amaphunzira kukonzekera ali pambali, osati pamzere: kutseka kabowo kotulutsira madzi kumbuyo kwa boti, kumasula malamba akumbuyo, kusiya chingwe cha winchi (chopukusira chokokera boti pa ngolo) chili chokoleka mpaka boti litafika pamadzi. Kanthawi kameneka kamapatsanso mpata mabering'i a matayala kuti azizire, chifukwa akamizidwa ali otentha amayamwa madzi. Kumunsi kwa mtsetse kumakhala ndere zoterera, choncho matayala akumbuyo a galimoto asalowe m'madzi ngati n'kotheka, ndipo handibuleki ikokedwe munthu asanatsike. Mapaipi amathandizanso pano: ndinamata tepi yofiira pa iliyonse pomwe madzi ayenera kufika, ndipo wophunzira amadziwa poimira popanda womuuza.

Mukandifunsa choyamba kugula ngati mukuphunzitsa mwana wanu, mkazi kapena mwamuna wanu, kapena mukudziphunzitsa nokha, ndi mapaipi, pamodzi ndi magalasi owonjezera ngati boti ndi lalikulu kuposa galimoto m'lifupi. Kamera ibwere munthu atayamba kale kubweza mowongoka ndi magalasi okha. Chomwe mapaipi anga akulephera mpaka pano ndi mdima: m'bandakucha nyali zobwerera za galimoto sizifika kumapeto kwa ngolo, ndipo tepi yonyezimira yomwe ndinamata imathandiza pang'ono chabe. Ndayamba kukonza zoika nyali za LED pansonga pake, mawaya odutsa mkati mwa paipi, kuti zizioneka m'magalasi komanso zisamamizidwe m'madzi.