Kaundula, foni kapena khomo ndi khomo: njira iti ingaonetse ngati ntchito yatukula banja?

Mabungwe ndi maofesi a boma amene amaphunzitsa achinyamata ntchito zamanja, kupereka mpamba wa bizinesi, kapena kulemba anthu ntchito yokonza misewu ndi kubzala mitengo, amafunsidwa funso limodzi pulogalamu ikatha: kodi mabanja aja tsopano akupezako bwino? Ife amene timachita kafukufuku wotere kuno ku Lilongwe timasankha pakati pa njira zitatu, zomwe ndi kudalira kaundula wa pulogalamu, kuimbira anthu foni, ndi kutumiza ofunsa mafunso m'makomo atanyamula matabuleti.

Kaundula ndiye wotsika mtengo, chifukwa amakhala alipo kale. Chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, n'zosavuta kudziwa kuti dzina lili pamndandanda ndi la munthu mmodzi, ndipo malipiro akadzera pa Airtel Money kapena Mpamba, tsiku ndi ndalama zimaoneka poyera. Koma kaundula amathera pamene pulogalamu yathera. Mtsikana amene analandira satifiketi ya zosokasoka ndi makina ake amawerengedwa kuti anapindula, ngakhale makinawo atagulitsidwa miyezi itatu pambuyo pake kuti banja lilipire lendi. Choncho kaundula ndi woyenera wowerengera ndalama, osati wofuna kudziwa za moyo wa pakhomo.

Kufunsa anthu pafoni kunatchuka mu 2020, pamene ofesi ya boma ya kalembera, National Statistical Office (NSO) ya ku Zomba, mothandizana ndi World Bank, inayamba kufunsa mabanja mobwerezabwereza za mmene COVID-19 inawakhudzira. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti manambalawo anachokera ku mabanja amene anali atayenderedwa kale m'makomo mwawo. Ubwino wa foni ndi wakuti mukhoza kuimba mwezi ndi mwezi popanda kuthira mafuta, ndipo izi zimayenderana ndi moyo wa munthu wa ganyu, amene sabata ino akusenza matumba ku Kanengo pomwe sabata yamawa angokhala. Vuto n'lakuti banja losaukitsitsa, lomwe ndi limene tikulifuna, nthawi zambiri lilibe foni. Nambala imene inalembedwa imakhala ya mlamu kapena ya oyandikana nawo nyumba, ndipo pamene foni ilipo imayenda ndi bambo, amene amayankha m'malo mwa mayi ngakhale kuti wophunzitsidwa bizinesi anali mayiyo. Anthu anaberedwa kokwanira ndi akathyali a pafoni, kotero nambala yachilendo ikafunsa za ndalama amangodula. Ngakhale woyankha mwaulemu, mayi wogulitsa tomato pamsika wa Tsoka sangatchule phindu lake makasitomala ndi anzake akumvetsera, ndipo sangakupatseni mphindi zoposa 15.

Kuyenda khomo ndi khomo kumadya ndalama zambiri, makamaka kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ndi alawansi n'kukwera. Komabe ndi njira yokhayo imene wofunsa amaona ndi maso ake. Munthu akanena kuti sagwira ntchito, wofunsa wakhala pakhonde amaona mulu wa miyala yoswedwa pambali pa nyumba ndi beseni la mandasi lovundikira ndi nsalu, n'kufunsa bwino zimene aliyense wa pabanjapo anachita m'masiku 7 apitawa zomubweretsera ndalama. Apa ndi pamene kabaza, kuchapa zovala za anthu ndi kutunga madzi pamalo omanga nyumba zimatulukira. Zovuta zake si zachilendo kwa aliyense amene anafunafunapo nyumba ku Mtandire, Mgona kapena Chinsapo. Nyumba zambiri zilibe manambala, okhala m'nyumba za lendi amasamukasamuka, ndipo mukalowa kudzera kwa mfumu kapena buloku lida, zimene mwambo umafuna, mbiri imawanda kuti kwabwera kalembera wa thandizo ngati wa Mtukula Pakhomo. Zikatero aliyense amadzichepetsa, wailesi n'kubisidwa kuchipinda. Wofunsa ayenera kunena poyambirira, mosapsatira, kuti mayankho sasintha dzina la munthu pamndandanda uliwonse, ndipo apemphe chilolezo asanalembe kanthu, makamaka tsopano pamene dziko lili ndi lamulo la 2024 loteteza mbiri za anthu.

Pa mapulogalamu a patabuleti olembera mayankho, bungwe laling'ono liyambe ndi KoboToolbox, imene ili ndi gawo laulere ndipo imasunga mayankho popanda netiweki mpaka madzulo. Survey Solutions ya World Bank, yomwe NSO imagwiritsa ntchito pa kafukufuku wake wa m'mabanja, imalola woyang'anira kubweza fomu yolakwika kwa wofunsa, koma imafuna munthu wodziwa kuiyendetsa. SurveyCTO ndi yolipira, ndipo mphamvu yake ili pa kujambula mawu mwa apo ndi apo kuti mugwire wofunsa amene akudzaza mafomu ali pansi pa mtengo wa mango. Mapepala angokhala osungira tsiku limene batire latha.

Ine ndikanasankha kuyenda m'makomo pulogalamu isanayambe, n'kulemba malo a nyumba pa GPS ndi manambala a foni atatu pa banja lililonse, kenako kutsatira ndi mafoni afupiafupi, n'kubwereranso m'makomo pamapeto makamaka kwa amene foni zawo sizikupezeka. Pakhalenso mabanja ofanana nawo amene sali m'pulogalamu, oti muyerekezere nawo. Kafukufuku wa mu 2012 ndi 2013 wa ntchito zolipidwa za chitukuko za MASAF, amene anasankha midzi mwa maere, anapeza kuti ntchitozo sizinachititse mabanja kukhala ndi chakudya chokwanira kuposa anzawo, pamene kaundula akanangoonetsa kuti anthu anagwira ntchito n'kulipidwa. Miyezi nayo ifanane. Mukafunsa koyamba mu Febuluwale, nkhokwe zilibe kanthu, kenako kachiwiri mu Meyi, chimanga chitalowa ndipo fodya akugulitsidwa ku Kanengo, banja la ku Mitundu lidzaoneka lotukuka ngakhale pulogalamu isanalipatse kalikonse.